Ankanditchula Ba Kulibe

Abusa andiuza kuti ndiyankhule. Sindine munthu wa mawu ambiri, ndipo sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho musayembekezere Chingerezi. Amene wabwera kudzaseka aseke msanga, tipitirize. Amene wabwera chifukwa m'nyumba mwake muli botolo ndipo ntchito yake yagona, atchere khutu. Ndikumuona wina kumbuyo uko wabisa manja m'matumba kuti tisaone kunjenjemera. Tulutsa manjawo, mwana wanga. Anga ankaposa pamenepo.

Dzina langa ndine Yotamu Njovu. Ndine wosula. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa atate anga ku Shikabeta, ndipo ndinabwera nayo kuno ku Rufunsa ndikadali ndi mphamvu. Ndinamanga msasa pafupi ndi pamene mabasi amaima, ndinakhazika chidutswa cha njanji chosulirapo pa chitsa, ndinayatsa malasha. Ndinkasula zinthu zitatu: khasu, nkhwangwa ndi kasemasema. Chitsulo changa chinali sipulingi ya lole. Khasu langa munthu ankalima nalo mpaka mwana amene anabadwa chaka chogulira atayamba sukulu. Funsani akuluakulu.

Dziko silinandifunse pamene linkasintha. M'masitolo munadzaza makasu a kufakitale, opepuka, otsika mtengo. Alimi ena anayamba kupopera udzu ndi mankhwala m'malo mopalira. Anthu sanaleke kubwera pamsasa panga, ayi, koma ankabwera ndi zofuna zina. Uyu akufuna kaliyala wolimba wa njinga wonyamulira matumba a malasha. Uyo akufuna chiwaya chachikulu chokazingira vitumbuwa. Winanso mahinjesi a chitseko cha khola. Yankho langa linali limodzi: "Kulibe." Ngakhale mutu sindinkadzutsa. Mumtima ndinkati ine ndine wosula, mwana wa wosula, osati wokhoma zitini.

Mkazi wanga, amake Esinati, ndiye ankakwirira maenje amene pakamwa panga pankakumba. Ankakhala pakhomo la msasa akusenda nshawa. Munthu akamachoka atakwiya ankamuitana, kumupatsa madzi, kumufunsa za ana, mpaka nthawi zina munthuyo ankagula nkhwangwa imene sanabwerere. Ankandiuza kuti, "Atate ake Esinati, munthu wobwera ndi chosowa wabwera ndi chakudya chanu." Ine ndinkayankha kuti, "Iwe samala za nshawa."

Anadwala nyengo ya mvula, ndipo sanadzukenso. Maliro atatha, achibale atabalalika, ndinabwerera ku njanji yanga. Tsopano panalibe woitana anthu amene ndawapirikitsa. Anayamba kudutsa chapatali. Makondakitala anandipatsa dzina lakuti Ba Kulibe, ndipo linandimamatira ngati phula. Makasu anachita dzimbiri pa chingwe.

Kachasu ndinayamba ndi kapu imodzi madzulo, kuti nyumba ileke kukhala zii. Kenaka masana. Kenaka m'mawa, ndisanasukusule. Ndinagulitsa masipulingi kwa ogula zitsulo zakale. Ndinagulitsa nyundo yaikulu ya atate anga. Mvukuto makoswe anaudya, sindinauone n'komwe. Njanji inatsala chifukwa chimodzi chokha: inali yolemera, ndipo panalibe woinyamula. Musaganize kuti ndinaisunga chifukwa cha nzeru.

Tsiku lina ndinagwera mu ngalande ya m'mbali mwa msewu dzuwa lili pamutu, basi yaikulu itaima. Ndinadziipitsira. Ndikunena poyera kuti mudziwe kumene njira imeneyi imathera. Anthu a m'basi anatulutsa mafoni pamazenera n'kundijambula. Zithunzizo zinayenda mpaka zinakafika kwa mwana wanga Esinati ku Lusaka, kumene anakwatiwa.

Esinati anaimba foni kwa mnansi wanga, ba Enelesi, chifukwa yanga ndinali nditaimwera. Ba Enelesi anandigwirizira foniyo kukhutu. Mwanayo sanalire. Anati, "Atate, tamvana ndi atate ake Junia. Anthu akamaliza kukolola tidzabwera ndi motoka. Malowo tidzagulitsa, pali munthu akufuna kumangapo bala. Inu mudzakhala kuno ndi ife."

Kukhala m'nyumba ya mkamwini! Kudya zimene mwana wa eni wagula, kupempha madzi osamba, kukhala pakhonde kuyang'ana mpanda wa simenti. Atate anga anadya za manja awo mpaka tsiku limene anaikidwa. Ndinafuna kukana, koma ndikanakana ndi chiyani? Ndinachotsa khutu pafoni, n'kupita kukamwa.

Tsopano ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani.

Unali m'mawa. Ndinali nditagona pamphasa, chitseko chotseka, mutu ukugunda. Ndinamva mapazi akubwera kuchokera kumsewu, kenaka mawu a mzimayi: "Odi! Odi kuno!"

Ndinakhala chete. Ndinali nditazolowera kutero.

"Odi!"

Ba Enelesi anali akusesa pakhomo pawo. Ndinamva tsache likuima. Anafunsa kuti, "Mufuna ndani, amai?"

"Ndifuna wosula. Andiuza kuti amakhala pano."

Ba Enelesi sanayankhe mwachipongwe. Akanachita chipongwe bwenzi nditawatukwana, n'kugonanso. Anayankha bwinobwino, ngati munthu wouza mlendo kuti chitsime chinauma. Anati, "Kulibe munthu uko, amai. Analiko kale."

Tsache linayambanso.

Ndinagona pomwepo ndikuyang'ana malata. Ndinali ndikupuma, mtima ukugunda, koma kunja anali atandichotsa kale pa chiwerengero cha anthu. Mawu aja ndinkawadziwa kulemera kwake, chifukwa ndi ine ndinkawaponyera anthu. Sindinkadziwa kuti kwa wowalandira amazizira chonchi. Akulu anati samva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ine wosula nkhwangwa, ndi mmene ndinamvera.

Ndinadzuka. Ndinatsegula chitseko. Kuwala kunandibaya m'maso. Ndinati, "Ndilipo."

Mzimayiyo anali atayamba kale kubwerera. Anatembenuka. Anali wamfupi kwambiri, chitenge m'chiuno, manja akuda ndi malasha. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Ndinu ba Njovu? Mayo ine. Mwadwala?"

"Nenani chimene mwabwerera."

Anati dzina lake ndi amake Mwiza, wochokera ku Chinyunyu, wamasiye, wootcha chimanga pasiteshoni. "Ba mudala, mundione msinkhu wangawu. Mabasi a masiku ano mazenera ali kumwamba ngati nyumba yosanja. Basi ikaima, anyamata aataliatali amalumpha, agulitsa, ine ndikungokuwa pansi ngati chule. Pofika poti munthu andione, basi yanyamuka. Ndifuna chinthu chokwezera chimanga pazenera."

"Chinthu chanji?"

"Ndikanachidziwa dzina ndikanapita kusitolo. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu."

Mawu aja akuti kulibe anafika pamlomo okha. Lilime linali litayamba kale kupinda. Ndinawameza. Anawawa kuposa kachasu. M'malo mwake ndinanena mawu amene ndinali ndisanauzepo munthu wogula moyo wanga wonse. Ndinati, "Tiyeni mukandionetse."

Ndinasamba kumaso, n'kumutsatira. Ndinakhala pamwala pasiteshoni kuyambira m'mawawo mpaka dzuwa kupendeka. Thupi linkanjenjemera, thukuta likutsika, pakhosi pakuitana botolo. Kondakitala wina anakuwa kuti, "Ba Kulibe, lero mwabwera kudzagwera ngalande iti?" Anthu anaseka. Ndinkayang'ana.

Zaka zonse zija ndinkakhala pafupi ndi siteshoni imeneyo, koma ndinali ndisanaione. Tsiku limenelo ndinaona kuti basi siima nthawi yaitali. Ndinaona kuti wa pazenera safuna kuwerama, amaopa kugwetsa foni. Ndinaona kuti ndalama akaziponya pansi zimagudubuzika kulowa kunsi kwa matayala, ndipo amake Mwiza ankataya nthawi akuzitola. Ndinaonanso mmene ankakwezera mkono, kuimirira ndi zala za kumapazi. Ndinadziuza kuti mayiyu sakusowa chozizwitsa. Akusowa mkono wautali. Ndipo khasu n'chiyani ngati si mkono wautali woloza pansi? Ndingolitembenuza liloze kumwamba.

Kunyumba kunalibe chitsulo, kunalibe mvukuto. Ndinatola waya pampanda wakugwa. Ndinatenga khasu limodzi ladzimbiri, n'kulizula pampini. Moto ndinaupemerera ndi chivundikiro cha ndowa. Nyundo yaing'ono inali ikadalipo pansi pa bedi. Ndinapinda waya kukhala kadengu, n'kukakhomera ku msomali wa khasu, n'kulowetsa mumpini wautali.

Choyambacho chinali chonyansa ndiponso cholemera. Amake Mwiza atachikweza chinapendekeka, chimanga chotentha chinagwera kondakitala yemwe uja m'khosi mwa malaya. Anavina gule amene sindinamuonepo. Siteshoni yonse inagwa ndi phwete. Amake Mwiza anabwera nacho akupukuta misozi ya kuseka, n'kunena kuti, "Ba mudala, mwandisulira mfuti."

Kale ndikanati tengani kapena siyani. Tsiku limenelo ndinafunsa kuti, "Chalakwika pati?"

Anandiuza. Mpini wa khasu ndi wolemera kumutu, ndipo munthu wokweza amafuna kulemera kukhale kumanja. Kadengu kanali kosaya. Ndinasintha. Ndinadula nsungwi m'malo mwa mtengo. Ndinazamitsa kadengu, n'kukagawa pawiri kuti chootcha ndi chophika zisasakanikirane. M'mbali ndinamangirira kachitini ka nsomba koponyamo ndalama. Inde, ine amene ndinkanyoza zitini. Chachitatu ndicho chinagwira ntchito. Amayi a pasiteshoni anachitcha chikwezo. Sabata isanathe anabwera wa nthochi, wa mazira owiritsa, wa nshawa. Aliyense ankafuna chake chosiyana, ndipo aliyense ndinkapita kukamuona akugulitsa ndisanagwire waya.

Tsopano mverani mmene ndinabwererera, chifukwa chikwezo chokha sichikanandichotsa mu ngalande.

Kachasu sindinamusiye ndi pemphero lokha, abusa andikhululukire. Ndinapemphera, inde. Koma ndinasinthanso njira. Nyumba ya mayi wotcheza kachasu ili pakati pa kwathu ndi msika. Ndinayamba kuzungulira kuseri kwa sukulu, ngakhale ndi kutali ndipo mawondo anga ndi okalamba. Munthu amene akuti wasiya koma akudutsabe pakhomo pomwepo akudzinamiza. Masiku oyamba ndinadwala kwambiri, ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma, mpaka ba Enelesi anandiperekeza kuchipatala. Musachite manyazi kupita. Thupi lozolowera mowa likhoza kukupha ukalimana mwadzidzidzi.

Ndinagwanso kamodzi. Anandilipira bwino tsiku limenelo, ndalama zinanditentha m'thumba, ndipo miyendo inakumbukira njira yakale. M'mawa mwake ndinapeza mzimayi atakhala pamsasa ndi chiwaya chobooka, akundidikira. Ndinachikonza iye akundiyang'ana. Kuyambira pamenepo ndalama sizigona m'thumba mwanga. Ndikalandira ndimapita nthawi yomweyo kukagula waya, malasha ndi ufa. Waya sungamwe.

M'mawa ndimayatsa moto ndisanachite china chilichonse. Ndisanadye, ndisanapereke moni. Moto ukayaka malasha akutha, ndipo munthu woumira ngati ine sangalole malasha apse pachabe. Ndiye ndimagwira ntchito. Musadikire kuti mtima ufune. Mtima ndi waulesi, umabwera pambuyo pa manja.

Pa njanji pamakhala chinthu chimodzi. Ndikayamba kaliyala ndimamaliza kaliyala. Wina akabwera ndi changu chake ndimamuuza tsiku, ndipo tsikulo likafika chinthu chake chimakhala chitapachikidwa. Ntchito yolemera ndimaigwira kusanatenthe. Masana mphamvu zikatha sindigona. Ndimapita kumsika kapena pasiteshoni kukakhala pamwala, kuyang'ana amene akuvutika ndi chiyani. Amene akutukwana katundu wake, ameneyo ndiye ndimamuyandikira. Kumeneko ndi kumene ndinapeza nzeru ya mbaula yamiyendo italiitali ya amayi odwala msana, ndi ngowe zomangira matumba a malasha panjinga yamoto. Nzeru zatsopano sizili m'mutu mwanu. Zili pakamwa pa munthu amene akudandaula.

Anyamata ena anaona chikwezo n'kuyamba kupanga chawo chotchipa. Ndinakwiya tsiku limodzi. Kenaka ndinaona kuti kukwiya sikupinda waya. Iwo amakopera chimene ndinapanga dzulo. Ine ndimakhala ndili pa cha mawa.

Anthu amene ndinawapirikitsa kale sindinawapepese ndi pakamwa. Sindidziwa kutero. Ndinapita kwa bambo wa khola uja ndi mahinjesi awiri, ndinawakhomera pachitseko chake, n'kuchoka. Anamva.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinakoma. Anzanga a kachasu anandithawa, akuti ndikudzimva. Anthu osamwa sanabwere kudzalowa m'malo mwawo, chifukwa ankandikumbukira mu ngalande. Ogula amabwera, amatenga chawo, amapita. Dzuwa likamalowa ndimazimitsa moto, ndipo msasa umakhala chete moti ndimamva chitsulo chikuzizira. Nthawi imeneyo ndi yoopsa mpaka lero. Ndimasesa, ndimakonzeratu waya wa mawa, ndimanola chimene chanoledwa kale, mpaka njala ya botolo idutse. Mowa unkandibisira kuti ndili ndekha. Nditausiya ndinaona bwinobwino.

Anthu atamaliza kukolola, motoka inabwera monga ananenera. Anatsika Esinati ndi mwamuna wake, atate ake Junia. Kumbuyo anali atayala matiresi, poganiza kuti adzandinyamula chogona. Anandipeza ndikupinda kaliyala, amayi awiri atakhala pabenchi akudikira zawo.

Mkamwini anavula chipewa, n'kuwomba m'manja. "Muli bwanji, atate?"

"Ndili pantchito."

Ndi munthu waulemu, sindimuneneza. Anayang'ana zopachikidwa, anagwira chikwezo chimodzi, anachikweza, anachitsitsa, n'kupita kukakhala m'motoka kuti atisiye.

Esinati anaima pakhomo la msasa. Anati, "Atate, tabwera."

"Ndakuonani. Moto ukuzima. Pukusa apo."

Ndinali nditapanga mvukuto watsopano wa gudumu la njinga, wopukusa ndi dzanja. Anayang'ana diresi yake ya m'tauni, anavula nsapato, anakhala pachitsa n'kuyamba kupukusa. Tinagwira ntchito mpaka amayi aja atatenga zawo. Utsi unamulowa m'maso. Kapena sunali utsi.

Kenaka anati, "Mwasiyadi?"

"Lero sindinamwe. Dzulo sindinamwe. Za mawa ukandifunse mawa."

"Munthu wa bala uja akudikira yankho."

"Umuuze kuti malowa ali ndi mwini wake."

Analeka kupukusa. "Chabwino, atate. Mukudya za manja anu, ndaona. Koma mukadwala pakati pa sabata, chitseko chotseka, adzadziwa ndani? Mukagwa pafupi ndi motowu, adzakudzutsani ndani? Kwathu kuli adzukulu anu. Junia sakudziwani n'komwe."

Ndinatembenuza chitsulo pamoto, ngakhale chinali chitapsa kale. Mwanayo ankanena zoona. Kwa mkamwini ndikanakhala ndi anthu, koma popanda ntchito, ndipo ndikudziwa chimene manja anga amafuna akakhala opanda ntchito. Kuno ndili ndi ntchito, koma popanda anthu. Ndinayenera kusankha chimodzi.

Ndinati, "Sukulu akatsekera umutumize Junia adzandione. Ine sindikwera."

Sanalimbane nane. Ndi mwana wanga, amadziwa mutu umene anabadwira. Anandisiyira foni yaing'ono, n'kunena kuti, "Iyi musaimwere." Ndinati, "Pita, kukuda." Anakwera. Matiresi anabwerera opanda munthu. Ndinaima pamsewu mpaka motoka inabisika paphiri, kenaka ndinalowa, ndinaphika, ndinadya ndekha. Ndinali nditapambana. Chakudyacho sichinakome.

Umboni wanga ndi umenewo. Malo anga alipo, moto umayaka, palibe munthu amene amandidyetsa. Funso la mwana wanga lija sindinaliyankhebe.

Tsopano inu amene mwakhala apa ndi manja onjenjemera. Uphungu wina ndilibe, ndanena zonse. Msasa wanga mukuudziwa. Nthawi imene imandivuta ine ndi yomwe imakuvutani inu, dzuwa likamalowa, miyendo ikayamba kukumbukira njira. Nthawi imeneyo benchi limakhala lopanda munthu. Sindidzakufunsani zimene munachita, ndipo sindidzakupemphererani mokuwa. Ndidzakupatsani waya muwongole mpaka njalayo idutse.

Musabwere kudzandimvera chisoni, ndidzakupirikitsani. Bwerani ndi chinthu chothyoka.